CHINKHWE CHA MAYI WAMASIYE: KODI KUSADZIWA KUMACHOTSA MLANDU?

Kapena ena mwa inu adzadabwa poona wansembe akulemba za chakudya cha mbalame m'nyuzipepala ya dayosizi. Ndikupemphani muyambe mwamva chimene chinandichititsa kulemba, ndipo pambuyo pake mudzaweruze nokha.

Mwezi wathawu ndinaitanidwa ku nyumba ya mayi wina wamasiye wa m'parishi yathu, mkhristu wokhulupirika amene sajomba ku Misa ngakhale mvula igwe chotani. Mwana amene anatumidwa anangonena kuti kunyumba kwadwalika. Ndinatenga mafuta oyera ndi kufulumira, koma nditafika ndinapeza kuti wodwalayo sanali munthu ayi. Chinali chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene malemu amuna awo anachipeza pamene ankagwira ntchito kufupi ndi malire a dziko la Congo. Mbalameyo inali itagwa pa kamtengo kake m'chikwere, mapiko akunjenjemera, miyendo ikuphupha monga achitira mwana wa khunyu. Mayiwo anali kulira ndithu, pakuti chinkhwecho chimalankhula ndi liwu la malemuwo, ndipo m'mawa uliwonse chimawaitana ndi mfunda wawo monga ankachitira mwamunayo ali moyo. Anansi anali atayamba kale kunong'onezana kuti apa pali dzanja la munthu.

Ndinapemphera nawo, ndinadalitsanso mbalameyo, popeza Eklezia ali nalo dalitso la ziweto. Koma ndinawauzanso kuti madzi odalitsidwa sanaikidwe kuti alowe m'malo mwa nzeru zimene Mulungu anapatsa anthu. Chotero tinapita nayo kwa dokotala wa ziweto. Iyeyu asanaigwire n'komwe anafunsa mafunso awiri: imadya chiyani, ndipo imakhala kuti? Mayiwo anayankha kuti amaipatsa mtedza ndi njere za mpendadzuwa tsiku ndi tsiku, chifukwa ndizo zimene imakonda. Masamba ndi zipatso zimene malemu ankaipatsa inkangozitaya pansi, ndiye iwo analeka. Anatinso malemuwo ankapachika chikwere pa mtengo wa mango m'mawa uliwonse, koma iwo, poopa akuba ndi amphaka, anachilowetsa m'nyumba ndi kuchiika pafupi ndi zenera la galasi, kumene chakhala zaka zitatu. Dokotala anapeza kuti m'magazi a mbalameyo munali mutachepa mchere wina wa m'thupi wotchedwa kashiamu. Anaibaya mankhwala, ndipo inatsitsimuka.

Pobwerera, mayiwo anandifunsa funso limene sindinathe kuliyankha msanga. Anati: "Abambo, ine mbalame iyi sindinaimane kanthu. Ndinkadzimana ndekha kuti ndiigulire mtedza. Tsono ngati ndine ndinatsala pang'ono kuipha, kodi ndachimwa?"

ZIMENE ZINACHITIKA M'THUPI LA MBALAME

Tisanayankhe za tchimo, tiyenera kumvetsa chimene chinachitika, pakuti woweruza wosamva mlandu amapsetsa wosalakwa.

Kashiamu ndiye amalimbitsa mafupa a munthu, a nyama ndi a mbalame. Pafupifupi magawo 99 mwa 100 a kashiamu wa m'thupi amakhala m'mafupa, ndipo kagawo kotsalako kamayenda m'magazi. Kagawo kameneka n'kakang'ono, koma ndiko kamathandiza mitsempha kutumiza mauthenga, minofu kukoka ndi kumasuka, ndiponso mtima kugunda bwino. Kakachepa, mbalame imafooka, imadzandira, imagwa pa kamtengo ndi kuphupha. Anapiye osowa kashiamu amakula ndi miyendo yokhota ndi mafupa othyoka msanga. Mbalame yaikazi imasowa chopangira chigoba cha dzira, ndipo nthawi zina dzira limakanirira m'mimba mpaka kuipha. Madokotala a mbalame anaona kalekale kuti mwa zinkhwe zonse, chinkhwe chotuwa cha ku Africa ndicho chimagwidwa kawirikawiri ndi kuphupha kotereku.

Nanga mtedza ndi mpendadzuwa zinalakwa chiyani? Si poizoni ayi. Koma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mafuta, ndipo kashiamu ali mmenemo ndi wochepa. Muli mchere wina wambiri wotchedwa fosifolasi, umene ukachuluka umatsekereza kashiamu kuti asalowe bwino m'thupi. Thupi la mbalame limafuna kuti kashiamu apose fosifolasi m'chakudya, koma mu njere ya mpendadzuwa fosifolasi ndiye amaposa kashiamu pafupifupi ka 8. Mulibenso vitamini A wokwanira, amene amateteza maso, m'mphuno ndi kukhosi. Choncho mbalame yodya njere zokhazokha imanenepa, mwini wake nakondwa, pamene mkati mafupa akutha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chinthu chachiwiri ndi dzuwa. Kashiamu sangachoke m'matumbo ndi kulowa m'magazi popanda vitamini D, ndipo vitamini ameneyu thupi limampanga lokha pamene cheza china cha dzuwa, chosaoneka ndi maso, chafika pakhungu. Galasi la zenera limalola kuwala ndi kutentha kudutsa, koma cheza chimenecho limachitsekereza. Mbalame ya mayi uja inkaona dzuwa tsiku lililonse kwa zaka zitatu, osalandira chimene dzuwalo linkayenera kuipatsa.

M'nkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon ndi Uganda, kumene kuli kwawo kwa zinkhwe zotuwa, palibe amene amaziphunzitsa zimenezi. Zimauluka mtunda wautali pamwamba pa mitengo dzuwa likuziwomba. Zimadya zipatso, njere ndi masamba a mitundumitundu malinga ndi nyengo, makamaka zipatso za kanjedza wa mafuta. Ndipo zimatsikira pamalo oyera pakati pa nkhalango kukamwa madzi ndi kujompha dothi lokhala ndi michere. Namalenga anaziyalira chakudya pa mphasa yaikulu, ndipo chimene chasowa pa mtengo uwu zimakachipeza pa mtengo uwo.

AMENE WATSEKA CHITSEKO WASENZA UDINDO

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tsiku limene munthu aika mbalame m'chikwere ndi kutseka chitseko, amaichotsa pa mphasa yaikulu ija. Siingathenso kukafuna dzuwa, siingathe kusankha mtengo wina. Zonse zimene nkhalango inkaipatsa ziyenera tsopano kuchokera m'dzanja la munthu mmodzi. Munthuyo, kaya akudziwa kaya sakudziwa, walowa m'malo mwa chisamaliro cha Mulungu pa cholengedwa chimenecho, ndipo udindo wotere si wamasewera. Chinkhwe chotuwa chosamalidwa bwino chimatha kukhala zaka 40, 50 kapena kupitirira; wochigula akulonjeza ntchito imene kapena ana ake ndiwo adzaitsirize.

Kumbukirani Nowa. Pamene Mulungu anamulamula kulowetsa zamoyo m'chombo, anamulamulanso kusonkhanitsa zakudya za mitundu yonse, za iye mwini ndi za nyamazo. Lamulo lotsekera linabwera pamodzi ndi lamulo lodyetsa. Kumbukiraninso kuti munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo ntchito yake yoyamba pa nyama inali kuzitcha maina, ndiye kuti kuziyang'anitsitsa ndi kudziwa chimene chilichonse chili. Ulamuliro umene tinapatsidwa pa zolengedwa ndi wa kapitawo wosunga chuma cha mbuye wake, amene tsiku lina adzafunsidwa.

Eklezia sanasinthe pa chiphunzitso ichi. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira mu 1274, anaphunzitsa kuti munthu wozolowera nkhanza pa nyama amafika pochitira nkhanza anthu anzake. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa ndime 2415 mpaka 2418, amatiuza kuti tili ndi ngongole ya chifundo kwa nyama, ndi kuti kuzizunza kapena kuzipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemu wa munthu mwini. Malemu Papa Francis anabwerezanso zomwezi mu 2015 m'kalata yawo yotchedwa Laudato Si'. Tsono funso la mayi uja silinali lopusa. Pali mlandu weniweni umene munthu angapalamule pa mbalame.

MITUNDU ITATU YA KUSADZIWA

Koma kodi mayiwo anaupalamula? Inu akatekisiti mumaphunzitsa ana kuti tchimo limafuna kudziwa ndi kufuna. Aphunzitsi a Eklezia amapitirira pamenepo ndi kusiyanitsa mitundu itatu ya kusadziwa, ndipo n'kofunika kuti mkhristu aliyense aidziwe, pakuti mawu akuti "sindinadziwe" ndiwo amamveka kawirikawiri koposa onse pamene zinthu zaonongeka.

Mtundu woyamba ndi kusadziwa kumene munthu sakanatha kukuchotsa. Sanamvepo, analibe womuuza, ndipo panalibe chizindikiro chomuchititsa kukayika. Kusadziwa kotere kumachotsa tchimo, chifukwa Mulungu safunsa munthu chimene sanampatse.

Mtundu wachiwiri ndi kusadziwa kwa ulesi. Munthu anali ndi udindo wodziwa, njira yodziwira inalipo, zizindikiro zinaoneka, koma iye anazengereza kapena anachita manyazi kufunsa. Kusadziwa kotere kungachepetse mlandu, koma sikuuchotsa, pakuti tchimo lili pa kunyalanyazako. Za munthu wotere makolo athu anati safunsa anadya phula.

Mtundu wachitatu ndi kusadziwa kwa dala. Munthu akupewa kufunsa chifukwa akudziwiratu kuti yankho lidzamlemetsa kapena kumuonongetsa ndalama, ndiye atseka makutu kuti apitirize monga akufunira. Kumeneku sikuchepetsa mlandu, kumauonjezera.

Ndinawafunsa mayiwo modekha ngati anaonapo kanthu tsiku lakugwalo lisanafike. Anakhala chete, kenaka anati kwa miyezi ingapo mbalameyo inkaterereka pa kamtengo ndi kulephera kugwira bwino, koma iwo ankati ndi ukalamba kapena kulira mbuye wake. Za galasi ndi dzuwa sakanadziwa. Ambiri a ife, ngakhale amene tinapita kusukulu, sitinazimvepo. Pamenepo palibe mlandu. Pa kuleka masamba ndi zipatso, ataona kuti malemu sankaleka, ndi pa kudikira miyezi osafunsa, panali kunyalanyaza pang'ono, kosakanizika ndi chisoni cha umasiye. Ndinawauza kuti: "Amayi, tchimo lalikulu palibe, ndipo mtima wanu ukhale pansi. Koma kuyambira lero mwadziwa, ndipo mawa simudzathanso kunena kuti simunadziwe."

KUPATSA CHOKONDEDWA NDI KUPATSA CHOFUNIKA

Komabe sindikufuna kuti tithawire m'mawu akuti mtima wawo unali wabwino, ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Mtima wabwinowo sunaonjezere kashiamu m'magazi a mbalame. Kukonda ndiko kufunira wina zabwino, ndipo sungamfunire zabwino ngati sunavutike kudziwa chimene chili chabwino kwa iye. Nchifukwa chake Eklezia amaika nzeru yochenjera patsogolo pa makhalidwe anayi aakulu, kuti iwongolere chilungamo, kulimba mtima ndi kudziletsa.

Tizifunsanso moona: tikamapatsa wina chokhacho chimene amakonda, kodi tikukondweretsa yani? Chinkhwe chikalandira mtedza chimavina ndi kulankhula, ndipo wopatsayo amamva kukoma mumtima. Chikapatsidwa mpiru chimautaya ndi kukalipa, ndipo wopatsayo amamva ngati wakanidwa. Kawirikawiri timasankha mtedza chifukwa sitifuna kukanidwa. Pamenepo chimene tikudyetsa ndi chisangalalo chathu, ngakhale tichitche chikondi.

Nanga mlimi wa chinkhwe achite chiyani? Dokotala uja anatiuza zinthu zosavuta. Mtedza ndi mpendadzuwa zikhale zapatalipatali, monga mphatso. Chakudya cha tsiku ndi tsiku chikhale chosakaniza: masamba obiriwira otsukidwa bwino monga mpiru, repu ndi nkhwani, karoti, maungu ndi mbatata yofiira mkati zophika, papaya ndi mango, nyemba zophika bwino ndi chimanga, ndipo kumene chikupezeka, chakudya chopangidwira zinkhwe chimene anasakaniziratu zofunika zonse. Zigoba za mazira zowiritsa, zoumitsa ndi kusinja zimapereka kashiamu, pothira pang'ono pa chakudya chofewa. Chikwere chizitulutsidwa panja m'mawa, mbali ina ili pa mthunzi kuti mbalame ithawireko kukatentha, munthu ali pafupi. Mapeyala, chokoleti, khofi, mowa ndi zakudya za mchere wambiri isapatsidwe konse, pakuti zina mwa izi zimapha. Mtedza wa chuku ndi woopsa kwambiri: poizoni wake anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza woonongeka.

Anatichenjezanso pa zinthu ziwiri. Kusintha kuchitike pang'onopang'ono, kwa milungu ngakhale miyezi, chifukwa chinkhwe n'chouma mutu ndipo chingathe kudzipha ndi njala pokana chakudya chachilendo. Ndipo mantha asamchititse munthu kuthira mankhwala a kashiamu ndi vitamini D mopanda muyeso, pakuti akachuluka amaononga impso. Ngakhale pa chakudya cha mbalame, khalidwe labwino limayenda pakati pa kuperewera ndi kupyola.

NANGA ANA ATHU?

Ndikumva wina akuti: "Abambo, m'dziko muno muli ana ogona ndi njala, ndipo inu mukudandaula za mafupa a mbalame?" Funso limeneli n'lolungama, ndipo sindilizemba. Katekisimu yemwe uja amachenjeza kuti sikoyenera kuonongera pa nyama chuma chimene chinayenera kuyamba chathandiza anthu ovutika, ndi kuti chikondi choyenera munthu tisachipereke kwa nyama. Mbalame ilibe mzimu wosafa, ndipo Khristu anafera anthu. Ngati m'nyumba muli dzira limodzi, adye mwana, mbalame ilandire chigoba. Amene alibe mphamvu yosamala chinkhwe popanda kumana ana ake asachiwete.

Kunena zoona, ambiri akanachita bwino kusaweta konse. Zinkhwe zotuwa zagwidwa zambirimbiri m'nkhalango kufikira kuti mu 2016, pa msonkhano wa pangano la CITES ku Johannesburg, maiko anagwirizana zoletsa malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zotuwa zogwidwa kutchire. Kwathu kuno tili ndi tizinkhwe tating'ono tobiriwira, tofiirira kumaso, topezeka ku nkhalango ya Liwonde, ndipo n'tochepa. Kumeneko timadya ndi kuwomba dzuwa monga Mlengi anakonzera, popanda wina wodandaula za kashiamu. Wogwira mbalame zotere ndi wogula yemwe, onse awiri akusenza katundu amene sanawatume.

Koma taonani, abale, kuti funso la ana likutibwezera pa phunziro lomwe lija. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Umphawi ndiwo muzu waukulu wa tsoka limeneli, ndipo palibe amene angadzudzule mayi wosowa chopatsa mwana wake. Komabe alipo makomo ena kumene nkhuku zikuikira, mapapaya akupsa, usipa ukugulika, koma mwana akukula ndi phala loyera ndi nsima yokha, kapena m'tauni ndi zakumwa zotsekemera ndi tokazinga ta m'mapepala, chifukwa ndizo amakonda ndipo akapatsidwa salira. Mwanayo ndi wokhuta, koma thupi lake likusowa. Alangizi a zaumoyo akhala akuphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya m'masikelo ndi m'midzi. Amene wamva ndipo ali nazo njira sangabisalenso m'kusadziwa kwa mtundu woyamba. Ngati tidzafunsidwa za mbalame imene tinatsekera, nanga kotani za mwana amene tinabala ndi kumubatiza?

Kwa inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndinene mawu amodzi, ndipo ndikudziuza ndi ine ndemwe. Anthu amene tapatsidwa amadya chimene tawabweretsera. N'kosavuta kuwapatsa nyimbo zokoma, nthano zoseketsa ndi malonjezo a madalitso sabata ndi sabata, pakuti zimenezo amazilandira ndi nthungululu. Chiphunzitso cha kulapa, cha kubweza cha mwini, cha kukhulupirika m'banja ndi cha mtanda sachiombera m'manja. Koma ndicho chimalimbitsa mafupa a chikhulupiriro, ndipo mkhristu wosachilandira amaoneka wathanzi kufikira tsiku limene matenda kapena maliro afika pakhomo, pamene amagwa ndi kuthamangira kwa owombeza. Tsiku limenelo sitidzakhoza kudzikanira ponena kuti tinkawapatsa zimene ankakonda.

Ndinapitanso kwa mayi uja sabata yatha. Chikwere chinali pa mtengo wa mango, iwo ali pa mkeka pafupi akusankha nyemba. Anandiuza kuti mpiru chikutayabe, koma papaya ndi maungu chayamba kudya, ndipo sichinagwenso. Anati tsiku lililonse chimawakalipira chifukwa cha mtedza, ndipo iwo aphunzira kupirira kukalipako.

Tipemphe Francis Woyera wa ku Assisi, amene Papa John Paul II anamuika mu 1979 kukhala nkhoswe ya osamala zachilengedwe, kuti atipempherere. Aliyense wa ife adzifunse madzulo ano: ndani amene amadya kuchokera m'dzanja langa, kaya ndi chiweto, kaya mwana, kaya nkhalamba, kaya akhristu a kumphakati? Kodi ndikudziwa chimene akusowa? Ngati sindikudziwa, ndidzafunsa yani, ndipo liti? Ambuye atipatse chaulere cha kufunsa nthawi ikalipo.